Kuyendera Harare ndi Madera Ozungulira Popanda Kuwononga Ndalama Zambiri

Ambiri mwa ife amene timalankhula Chichewa kuno ku Harare timaudziwa mzindawu ngati malo a ntchito basi. Timadziwa pokwerera kombi, timadziwa kumene ufa ukutsika mtengo, koma mlendo wochokera ku Lilongwe kapena ku Chipata akatifunsa kuti timuonetse malo, timasowa poyambira, ndipo kawirikawiri timangomutengera ku sitolo zazikulu za ku Borrowdale kumene ndalama zimatha msanga osaonako kanthu. Zimenezi zimandidandaulitsa, chifukwa mbiri ya mzinda uno ili poyera, yambiri imaoneka poyenda wapansi, ndipo mbali ina ya mbiriyo ndi ya makolo athu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito.

Poyambira pabwino ndi pa Kopje, kaphiri kamene kali kumwera chakumadzulo kwa pakati pa tawuni. Asilikali ndi atsamunda a British South Africa Company ya Cecil Rhodes anafika m'dera limeneli mu September 1890, ndipo pa 13 mwezi womwewo anakweza mbendera yawo ndi kutcha malowa Fort Salisbury. Iwo sanapeze dziko lopanda eni, pakuti kuno kunali kale anthu a mfumu Neharawa, ndipo dzina la Harare, limene mzindawu unapatsidwa pa 18 April 1982, likugwirizana ndi mfumuyo. Ukaima pamwamba pa Kopje umaona mzinda wonse utayalidwa: nyumba zitalizitali za pakati pa tawuni, njanji ya sitima, ndi Mbare kumwera kwake. Ndi pamenepo munthu amamvetsa mmene atsamunda anaugawira mzindawu, azungu kumpoto kumene kuli mithunzi, anthu akuda kumwera pafupi ndi mafakitale. Langizo langa ndi lakuti mukwere m'mawa, mukhale awiri kapena atatu, ndipo foni musaionetse mwachisawawa, chifukwa malowa amakhala a zii nthawi zambiri.

Kuchokera pamenepo mutha kutsetsereka wapansi mpaka ku Africa Unity Square, bwalo limene kale linkatchedwa Cecil Square, pamene mbendera ija inakwezedwa. Kulowa n'kwaulere. Mukapita kumapeto kwa September kapena mu October mudzapeza mitengo ya jakaranda itachita maluwa, pansi ponse patadzaza maluwa ogwa, amayi ogulitsa maluwa ali m'mbali mwa msewu, ndiponso ojambula zithunzi akuitana makasitomala. Chapafupi pali Eastgate Centre, nyumba imene inatsegulidwa mu 1996, yomwe katswiri wa zomangamanga Mick Pearce anaikonza motsanzira mmene chulu cha chiswe chimalowetsera ndi kutulutsira mpweya, kotero kuti imazizira popanda kudalira kwambiri makina oziziritsira. Kulowamo ndi kuyang'ana m'mwamba sikulipiritsidwa. Pa mphambano ya Samora Machel Avenue ndi Julius Nyerere Way pali chipilala cha Mbuya Nehanda, chimene chinavundukulidwa pa 25 May 2021, pokumbukira mayi amene atsamunda anamunyonga mu 1898 chifukwa cholimbikitsa anthu kuwaukira.

Pa malo olipiritsa, amene ndimawaona kuti ndi oyenera ndalama yake ndi National Gallery of Zimbabwe, imene ili m'mphepete mwa Harare Gardens. Inatsegulidwa mu 1957, ndipo mkulu wake woyamba, Frank McEwen, ndi amene analimbikitsa osema miyala amene ntchito zawo zinadzatchuka dziko lonse lapansi. Kuseri kwake kuli bwalo la ziboliboli zamwala, ndipo mukatopa mutha kukakhala pa kapinga mu Harare Gardens ndi kudya kamba wanu amene mwachokera naye kunyumba. Dziwaninso kuti malo ambiri a boma, kaya osungirako zinthu zakale kaya osungirako nyama, amakhala ndi mitengo iwiri, wa anthu okhala m'dziko muno ndi wa alendo ochokera kunja, choncho amene muli ndi chitupa cha kuno musachisiye kunyumba.

Koma malo amene ndimafuna kuti Mchewa aliyense wa kuno awayendere mwachifatse ndi Mbare. Anthu ena amakuopa, ena amakunyoza, komabe palibe dera lina mu Harare limene lili ndi mbiri yathu yochuluka chotere. Mbare ndi komboni yakale kwambiri mu mzinda uno, inakhazikitsidwa mu 1907, ndipo kwa zaka zambiri ambiri mwa anthu akuda ogwira ntchito mu Salisbury anali ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Agogo athu ena anayenda wapansi kudzera ku Tete, ena anakwera magalimoto a Ulere, amene ankanyamula antchito mwaulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ndipo amene sanabwererenso kumudzi ndi aja kwathu ankawatcha machona. Nyumba zosanja za ku Matapi, zimene lero zadzaza mabanja ndipo zaonongeka kwambiri, zinamangidwira amuna ogwira ntchito amene sankaloledwa kukhala ndi akazi awo m'tawuni. Ndikamadutsa pamenepo ndimaganizira za mnyamata wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amene ankagona m'chipinda chimodzi ndi anzake ambiri, akusunga khobidi lililonse kuti akagule njinga ndi bulangete zopita nazo kwawo. Mu nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, Salisbury ndiye anali likulu, ndipo chimodzi mwa zimene anthu a ku Nyasaland ankakanira chitaganyacho chinali chakuti dziko lawo linasanduka nkhokwe ya antchito otsika mtengo a kuno.

Ku Mbare komweko kuli bwalo la zamasewera la Rufaro, kumene kunachitikira mwambo wa ufulu wodzilamulira usiku wolowera pa 18 April 1980, ndiponso msika waukulu wa Mbare Musika. Ku msikako pitani m'mamawa, nthawi imene alimi akutsitsa matumba a tomato, kabichi ndi mbatata, anyamata a ngolo akukuwa kuti muwapatse njira, ndipo amayi a zophikaphika ayamba kale kuvundula sadza, imene ndi nsima yathu yomwe. Mbale ya sadza ndi ndiwo kumeneko ndi yotsika mtengo kuposa kapu ya khofi ya ku Avondale. Mukatchera khutu mudzamva Chichewa kapena Chiyao pakati pa Chishona, makamaka kwa akuluakulu, ndipo mukawapatsa moni kuti, “Muli bwanji, agogo?” nkhope zawo zimasintha, kenaka amakufunsani kuti kwanu n'kuti ndipo mfumu yanu ndani. Ndalama muziike m'thumba la m'kati, ndipo musajambule munthu musanapemphe.

Nkhani ya ndalama ifunika kuikonzekera musananyamuke. Kuno anthu amagwiritsa ntchito madola a ku America pamodzi ndi ZiG, ndalama imene inayamba mu April 2024, ndipo vuto la tsiku ndi tsiku ndi chenji. Amene wanyamula pepala la madola makumi awiri amavutika kuposa amene wanyamula timapepala ta dola imodzi imodzi, chifukwa kondakitala wa kombi kapena mayi wa pamsika sakhala ndi chobweza. Funsani mtengo musanakwere, ndipo pewani kuyenda nthawi imene anthu akuweruka ku ntchito, pamene mitengo ya kombi imakwera.

National Heroes Acre, kumadzulo kwa mzinda pa msewu wopita ku Bulawayo, kumafikika mosavuta. Malowa anamangidwa mothandizidwa ndi dziko la North Korea ufulu utangobwera, ndipo ndi kumene kumaikidwa anthu amene boma lawapatsa ulemu wa ngwazi. Ola limodzi limakwana. Amene ali ndi ana atha kusankha Mukuvisi Woodlands, nkhalango ya mitengo ya msasa m'kati mwa mzinda, kumene kuli mbidzi, akadyansonga ndi agwape.

Pa maulendo a kunja kwa mzinda opita ndi kubwera tsiku lomwelo, ine ndimaika Domboshava patsogolo. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto, ndipo makombi amapita kumeneko tsiku lonse kudzera ku Borrowdale. Ndi phiri la thanthwe lokhalokha, lotsetsereka pang'onopang'ono kotero kuti ngakhale munthu wachikulire amakwera akamapumira, ndipo mivi yojambulidwa pamwala imakutsogolerani mpaka ku phanga kumene kuli zithunzi za njovu, nyama zina ndi alenje, zojambulidwa ndi Akafula a kuno, anthu a mtundu wa San. Amene anafikako ku Chongoni ku Dedza adzaona kuti zojambula za kuno n'zosiyana: kwathu zambiri za Akafula ndi mizere, madontho ndi zizindikiro, pamene kuno nyama imaoneka ndi miyendo yake ndi msana wake ngati ikuyenda. Thanthweli limatentha kwambiri masana mu October, choncho nyamulani madzi ndi chipewa, ndipo nthawi ya mvula valani nsapato zosaterereka. Kufupi kuposa pamenepo, ku Epworth, kuli miyala yosanjikizana ya Chiremba, ya mtundu umene unkajambulidwa pa ndalama za Zimbabwe.

Ku Lake Chivero, damu limene linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame ndipo kale linkatchedwa Lake McIlwaine, ndi kwabwino kwa amene ali ndi galimoto kapena asonkherana ya mafuta. Madzi ake ndi oipitsidwa ndi zonyansa za mu mzinda, ndipo muli ng'ona, choncho amene anazolowera kusambira ku Salima asayerekeze kulowamo. Mapanga a Chinhoyi ali patali, makilomita oposa 100 pa msewu wa ku Chirundu, koma mabasi ndi ambiri, ndipo dziwe la m'phangamo, lamadzi a buluu woderako ndi oyera mpaka pansi patali, ndi loyenera ulendowo ngati mwalawira.

Ulendo wovuta pa onse, umene sutheka bwino pa kombi, ndi wa ku Tengenenge pafupi ndi Guruve, mudzi wa osema miyala umene Tom Blomefield, mlimi wa fodya, anauyambitsa mu 1966 pamene ulimi wake unalowa pansi. Ambiri mwa osema oyamba kumeneko anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, Achewa ndi Ayao ali momwemo, ndipo ena a iwo anayamba ndi luso losema zigoba za gule wamkulu asanagwire mwala. Choncho zina mwa ziboliboli zimene alendo amagula pozitcha za Chishona zinatuluka m'manja mwa ana a kwathu. Msewu wa kumapeto ndi wafumbi, ndipo njira yochepetsera mtengo ndi yakuti mabanja atatu kapena anayi, mwina a mpingo umodzi kapena a bungwe limodzi la maliro, abwereke galimoto imodzi, anyamule chakudya chawo, ndi kunyamuka kusanache kuti abwerere kusanade.