DC-3 yanyamuka pa Mzuzu usiku wathawu

Abale anga, usiku wathawu tulo sindinatione. Ndinaika ndege ya Douglas DC-3 mu FlightGear, gemu yaulere ija yoyendetsa ndege pa kompyuta. Chimene chandigwira mtima n'chakuti ndege ya m'gemuyi sinapangidwe ndi kampani ayi. Ndi anthu wamba okonda ndege amene anakhala pansi n'kujambula kachiwalo kalikonse, mpaka mawotchi a kutsogolo kwa woyendetsa, kenako n'kuigawa osalipiritsa ngakhale tambala.

DC-3 yeniyeni inayamba kuuluka mu 1935, ndipo Air Malawi inali nazo m'zaka za m'ma 1960. Tayala lake lachitatu lili kumchira, ndiye ikaima mphuno imaloza kumwamba, kutsogolo osaonako bwino. Ikayamba kuthamanga mumadikira mchira udzuke kaye, uku mukulimbana ndi chiwongolero kuti isakhotere m'tchire. Kawiri konse ndinathera mu udzu.

Kachitatu inanyamuka pa bwalo lathu la Mzuzu, mainjini awiri akubangula, mpaka nyanja inaonekera cha ku Nkhata Bay. Mtima unachita kugunda!

Inu odziwa kujambula pa kompyuta, tiyeni tiipake mitundu ya Air Malawi. Ndani ali ndi zithunzi zakale za ndegezi?