Zikomo inu amene munandilandira nditasiya utchona

Ndikulemba kuthokoza anthu amene anandigwira dzanja mu Epulo 2015, pamene ziwawa zothamangitsa alendo zinabuka ku Durban ndipo boma linatumiza mabasi kukatitenga. Kumudzi ankandidziwa ngati "wa ku Joni", wotumiza ndalama ndi njinga. Ndinalowera pa chipata cha Mwanza ndi chikwama chimodzi, manyazi atandigwira kuposa njala.

Amayi amene munandigawira mbatata yophika m'basi titadutsa ku Tete, dzina lanu sindinalifunse, koma Mulungu akudalitseni.

Koposa onse ndithokoze inu bambo kalipentala a ku Ndirande. Simunandifunse kuti ndalama za ku Joni zinapita kuti. Munangondipatsa sowo ndi pulena, n'kunena kuti ndibwere m'mawa. Miyezi yoyamba ndinkawononga matabwa anu a mkungudza, odula chomwecho, inu osakalipa, mukungondionetsa moyezera. Luso limeneli ndinkalikonda ndili mwana, ndinalitaya pothamangira ma rand.

Lero ndimakhoma zitseko ndi mipando pa shedi yanga, ndipo anthu amandiitana kuti akalipentala. Achimwene amene munandisunga m'nyumba mwanu osatopa nane, ndi mlamu wanga amene munkandisungira nsima ndikachedwa, zikomo kwambiri.