Ku Mumbai ndinaona mulungu akuperekezedwa kunyanja

Ndinafika ku Mumbai, mzinda wa ku India, mu Seputembala, mvula ya kumeneko ikupita kumapeto, chikondwerero cha Ganesh Chaturthi, cholemekeza Ganesha, mulungu wa Ahindu, chili pachimake. Ganesha sasowa mumzindawu. Ali m'takisi, pakhomo la golosale, ngakhale pamakhadi oitanira anthu ku ukwati. Mutu ndi wa njovu, mimba yotukuka, mnyanga umodzi wothyoka, ndipo amayenda atakwera mbewa, yomwe ija kwathu timaiona ngati ndiwo.

Banja lomwe linandilandira linandifotokozera za mutuwo. Akuti Parvati, mkazi wa mulungu Shiva, anaumba mnyamata kuti azimulondera pakhomo iye akusamba. Shiva pobwera, mnyamatayo anamukaniza kulowa, ndipo Shiva mwaukali anamudula mutu. Parvati atalusa, Shiva anatuma anyamata ake kukatenga mutu wa chamoyo choyamba kukumana nacho. Anakumana ndi njovu, ndipo mutu wake ndi umene anamuika mnyamatayo, yemwe ndiye Ganesha. Kuyambira pamenepo Ganesha amapembedzedwa poyamba, milungu ina isanatchulidwe, chifukwa ndi amene amachotsa zopinga. Wotsegula bizinesi, wolemba mayeso, wogula galimoto, onse amayambira kwa iye.

Chinandikhudza kwambiri ndi momwe amamusungira m'nyumba. Samutenga ngati mfumu yoopsa, koma ngati mlendo wokondedwa. Amakagula chifanizo chadongo, n'kuchikhazika pabalaza, n'kumachipatsa maluwa ofiira, udzu wa durva ndi modak, timakeke ta ufa wa mpunga toikamo kokonati ndi shuga wa nzimbe. Agogo a m'nyumbamo ankandikakamiza: "Idyani ina, mwana wanga, mlendo wathuyu sakonda anthu amanyazi." Mabanja ena amamusunga tsiku limodzi ndi theka, ena masiku 5, ena mpaka 10.

Chikondwererochi chinatulukira m'misewu mu 1893, pamene Bal Gangadhar Tilak, womenyera ufulu wa India, analimbikitsa kuti chizichitika poyera. Atsamunda a ku Britain ankaletsa misonkhano ya ndale, koma mwambo wa chipembedzo unali wovuta kuuletsa. Chifanizo chotchuka kwambiri ku Mumbai, Lalbaugcha Raja, chinayamba mu 1934, ndi asodzi ndi amalonda omwe anawinda kwa Ganesha msika wawo utatsekedwa. Mzere wokachiona ndinauona n'kubwerera. Anthu amaimapo usiku wonse, ine mtima umenewo ndilibe.

Tsiku lomaliza, Anant Chaturdashi, ndi lomuperekeza kukamumiza m'madzi. Tinayenda wapansi kupita kugombe la Girgaon Chowpatty, ng'oma za dhol zikugunda mpaka m'chifuwa, ufa wofiira uli mbuu m'mwamba. Khamu lonse likufuula "Ganpati Bappa Morya!", likumupempha kuti chaka chamawa abwere msanga. Zifanizo zazikulu zimabwera pamalole, zazing'ono bambo atasenza pamutu. Ndinaona mayi wina akuvina uku misozi ili mbwembwembwe, anyamata akulowa m'madzi ndi chifanizo cha banja lake.

M'mawa mwake gombe silinali losangalatsa. Zifanizo zambiri amaumba ndi pulasitala yemwe sasungunuka msanga, ndiye mafunde anali atabweza manja ndi zidutswa za mitu, pamodzi ndi maluwa ovunda. Achinyamata ongodzipereka anali akutolera m'matumba. N'chifukwa chake akuluakulu a mzinda amakonza timaiwe tapadera tomizamo zifanizo zazing'ono. Banja lomwe ndinkakhalako linamiza lawo m'ndowa pakhonde, dongo litasungunuka madziwo anathirira maluwa.