Mmene ndinawerengera mbalame panyanja m'mawa wachisanu

Ndinafika kumalo osungirako zachilengedwe a m'mphepete mwa nyanja kusanache, pakati pa Januwale, m'dziko limene mweziwu ndi wozizira, chisanu chikuluma zala. Mwezi umenewu ndi umene anthu m'mayiko oposa 100 amachita kalembera wa mbalame za m'madzi wotchedwa International Waterbird Census, amene anayamba mu 1967 ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International. Nthawiyi mbalame zosamukasamuka zimakhala zitakhazikika kumene zikuthera nyengo yozizira, choncho mbalame imodzi siwerengedwa kawiri m'mayiko awiri.

Wotsogolera anatigawira zigawo pamapu n'kutiuza kuti tonse tiyambe nthawi imodzi. Anatitsindikira kuti, "Gulu likauluka, lembani nthawi ndi kumene lalowera." Ndinanyamula magalasi oonera patali, telesikopu, kabuku ndi pensulo, poti cholembera cha inki chimakana kukazizira. Ndinaima dzuwa lili kumsana kuti mitundu ya nthenga ioneke bwino.

Sindinathamangire kuwerenga. Ndinayamba ndayendetsa maso kuchokera kumanzere mpaka kumanja kuti ndidziwe mitundu imene ilipo. Akakowa ndi atsekwe anali ochepa, ndinawawerenga mmodzimmodzi. Ntchito inali pa abakha, amene anadzaza madzi ngati masamba oyoyoka. Apa munthu amawerenga khumi mosamala, n'kuona malo amene khumiwo atenga, kenaka n'kumayeza gulu lonse ndi muyeso umenewo. Likakula kwambiri muyeso umakwera kufika 50 kapena 100. Pamene abakha athithikana, diso limanyengeka n'kuchepetsa chiwerengero. Abakha omira ndi ovuta koposa, chifukwa ukamawerenga ena ali pansi pa madzi. Amenewa ndinawabwereza katatu n'kulemba chiwerengero chachikulu.

Ndili pakatikati, chiwombankhanga chinadutsa ndipo gulu lonse linadzuka. Mtima unandiwawa, koma ndinadikira kuti litere n'kuyambiranso. Kutali kunali timadontho tosaoneka bwino. Ndinalemba kuti "abakha osadziwika mtundu", chifukwa dzina longopeka limaipitsa zolemba za anthu onse. Pagombe lina panali madzi oundana okhaokha, ndipo ndinalembapo 0. Ziro ameneyu ndimamulemekeza kwambiri: amasonyeza kuti munthu anafikapo, anayang'ana, sanapeze kanthu.

Kusamala konseku n'chifukwa choti manambalawa amagwira ntchito. Pansi pa pangano la Ramsar la mu 1971, limene mayiko anapanga pofuna kuteteza madambo, dambo kapena nyanja imene nthawi zonse imasunga mbalame za m'madzi 20,000, kapena gawo limodzi mwa 100 la mtundu wina, ingathe kuzindikiridwa kuti ndi yofunika padziko lonse.

Masana tinakumana n'kufananitsa timabuku. Atsekwe amene ndinawaona akuuluka kulowera kumpoto anapezeka kuti anatera m'chigawo cha mnzanga patangopita mphindi zochepa. Nthawi zathu zinagwirizana, ndipo ndinawafufuta m'kabuku kanga.