Mawotchi 6 ndi mlamu mmodzi

Ife oulutsa ndege pa kompyuta tili m'magulu awiri. Ena amakonda ndege zamakono za masikirini, monga a Garmin G1000, omwe amakuuza chilichonse, kungotsala kukufunsa kuti wadzuka bwanji. Enafe, odzimva ukatswiri, timakakamira mawotchi akale a mivi. Oyendetsa ndege amawatcha steam gauges powaseka kuti ndi a nthawi ya sitima za malasha, chonsecho mulibe nthunzi olo pang'ono. Odalirika kwambiri alipo 6, atatu pamwamba atatu pansi, n'chifukwa chake amatchedwanso six pack. Ina imaonetsa liwiro, ina mmene ndege yapendekera, ina kutalika kumene wafika, ndipo zapansizo n'zokhotera, za kumene walunjika, ndi za kukwera kapena kutsika.

Mlamu wanga atabwera kudzacheza ndinamukokera mpando. "Alamu, khalani apa muone ntchito. Zamasikirini zija n'za ana." Ndinasankha kandege ka Cessna 172 ka mawotchi, ndipo pofuna kuti ulemu uchuluke ndinaika nyengo yozizira koopsa, mitambo ili bii.

Tinanyamuka bwinobwino, muvi wa liwiro uli pa 74 knots, pomwe kandegeka kamakwera bwino. Titangolowa mumtambo, muvi uja unayamba ulendo wakewake: 90, 110, 130. Ndege ikathamangitsa umakoka chiwongolero kuti mphuno idzuke, liwiro litsike. Ndinakoka. Muvi osamva. Ndinakokanso, uwo ukulunjika pa mzere wofiira wa 163, malire a liwiro omwe kandegeka sikayenera kupyola.

"Koma alamu, kamathamanga chonchi kakukwera?"

"Mphepo ikutikankha kumbuyo," ndinayankha nkhope ili gwa, ngakhale mphepo yakumbuyo sisuntha muvi umenewo.

Zinali chonchi: pansi pa phiko lakumanzere pali kapaipi kotchedwa pitot, kamene kamalandira mphepo yakutsogolo. Wotchi ya liwiro imayerekeza mphamvu ya mphepo imeneyo ndi ya mpweya wakunja. Ayezi akatseka kapaipiko, mpweya umatsekeredwa mkati, ndiye ukamakwera, wakunja n'kumapepuka, muvi umangokwera nawe ngakhale ndege ikuchita kukwawa. Mankhwala ake ndi kaswitchi kamodzi kolembedwa pitot heat, kotenthetsa kapaipiko. Kanali pomwepo, kakundiyang'ana.

Mawotchi enawo ankanena zoona zokhazokha. Yoonetsa kupendekera inali itadzaza buluu, kusonyeza kuti mphuno yaloza kumwamba. Ine maso anali pa wabodza uja basi.

Kenaka kunamveka kulira kwa fiiii, belu lochenjeza kuti mapiko atsala pang'ono kuleka kunyamula ndege.

"Foni yanu iyo?" anafunsa mlamu.

Ndisanayankhe, phiko limodzi linagwa, mphuno inazyolika, mivi ya kutalika n'kuyamba kuzungulira chobwerera. Apo m'pamene muvi wa liwiro unayamba kutsika, ine n'kunena mokweza kuti, "Mwaona? Ndakagwira tsopano!" Tinatuluka mumtambo mitengo ili pamphuno. Sikirini inada.

Mlamu anakhala kaye chete, kenaka anaweramira pa sikirini n'kuwerenga ndi chala. "Wani, thuu, fili... Ndiye wanama ndi mmodzi yekha, enawa asanu simulankhulana nawo?"

Anadzuka n'kukasuzumira pakhomo. "Achemwali! Bambo awa akadzati tiyeni pa ndege, inu mudzakwere basi."