Mabokosi aakulu amabisa utsi

Anzanga, kompyuta ikamalosera komwe utsi ulowere, imagawa mlengalenga m'mabokosi. Bokosi likakhala la makilomita 100 mbali iliyonse, utsi wa fakitale imodzi umamwazidwa m'bokosi lonselo nthawi yomweyo. Mapu amaonetsa mpweya wabwinoko, chonsecho okhala pafupi ndi fakitaleyo akutsokomola. Zigwa zomwe utsi umaunjikana usiku nazonso zimafafanizika, dziko n'kuoneka lathyathyathya. Zimandiwawa mtima, chifukwa okonza malamulo amadalira mapu oterewa.

Zoona, mabokosi ang'onoang'ono ndi odula: mukachepetsa mbali zake ndi theka, ntchito ya kompyuta imachuluka pafupifupi ka 8. Komabe m'mizinda ndi m'mapiri tisaumire. Tiwerengenso bwino utsi wotuluka m'galimoto ndi m'mafakitale, apo ayi mabokosi ang'onowo angotinamiza mwatsatanetsatane.