Kupeputsa zithunzi za zitenje, pomwe ndafika

Amene mukutsatira nkhani ya kawebusayiti ndikupangira achemwali anga osoka ku Limbe kaja, ulendo uno za mitundu ndi malembo ndaziika kaye padera, ndakhala ndikulimbana ndi zithunzi basi. Tsamba la madiresi limatseguka mochedwa moti kasitomala wina wa ku Joni anatopa nkulemba pa WhatsApp kuti "bola mungonditumizira zithunzizo pompano". Ndiye taganizani, cholinga cha webusayiti chinali choti achemwali asamakhalire kutumiza zithunzi zomwezomwezo kwa munthu aliyense, eti tabwerera pomwe tinachoka.

Vuto lake ndi masamu wamba. Foni ya achemwali imajambula 4000 x 3000, amenewo ndi ma pixel (timadontho topanga chithunzi) 12 miliyoni, fayilo imodzi imasewera pa 3MB mpaka 5MB. Patsamba pali zithunzi 30, tingoti chilichonse 4MB, ndi 120MB imeneyo kungoona madiresi. Munthu wagula kabandulo ka tsiku, watsegula tsamba limodzi, deta yatha asanafike ndi pa mitengo pomwe. Chowawa nchakuti sikirini yake siingaonetse ma pixel onsewo, browser imakoka chithunzi chonsecho kenako nkuchichepetsa yokha kuti chikwane, koma ndalama yapita kale. Anzanga ogwiritsa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, izi simumaziona kwambiri chifukwa imakupangirani masayizi ang'onoang'ono yokha, ndipo kuyambira WordPress 5.3 chithunzi chopyola ma pixel 2560 mbali yaitali imachibweza pa 2560. Ine kanga ndi ka HTML kolemba pamanja, palibe wondichitira.

Choyamba ndiye chinali sayizi, ndipo ndinene pompano kuti apa ndi pamene panachoka katundu wambiri, zina zonse ndikambe m'munsimu ndi zongowonjezera. Mbali yaitali ndikuiika pa 1200, diresi loimirira limakhala 900 x 1200, ma pixel 1.08 miliyoni, kutsika koposa ka 10 usanakhudze kolite kapena mtundu wa fayilo. Ndikugwiritsa ImageMagick, pulogalamu yosinthira zithunzi polemba malamulo, pa laputopu chifukwa imachita foda yonse kamodzi:

magick mogrify -path zochepa -auto-orient -resize "1200x1200>" -strip -quality 78 *.jpg

Foda ya zochepa muyipange kaye, ndipo -path musamuiwale apo ayi mogrify imalemba pamwamba pa zithunzi zenizenizo. -strip amachotsa EXIF, zimene foni imabisa mu fayilo, dzina la foni, tsiku, nthawi zina mpaka GPS ya pamene munajambulira. Achemwali zina amajambulira kunyumba, sindikufuna aliyense wodawuniloda chithunzi adziwe khomo lawo. Koma mu EXIF momwemo mumakhalanso chizindikiro chouza kuti foni inagwiridwa choimirira kapena chogona, ndiye -auto-orient azibwera patsogolo pa -strip, mukapanda kutero madiresi amatuluka chogona chammbali.

Tsopano apa ndi pamene chitenje chinandipatsa ntchito. Aliyense pa intaneti amangoti sinthani zonse zikhale WebP, mtundu wina wa fayilo ya chithunzi, ndipo nzoona WebP ndi yopepuka, Google anaitulutsa mu 2010 ndipo iwo amati imachepa ndi 25 mpaka 34 peresenti poyerekeza ndi JPEG ya maonekedwe ofanana, Safari inachedwa kuilandira mpaka 2020 koma pano pafupifupi foni iliyonse imaitsegula. Ndinatsegula Squoosh, yopeputsira zithunzi yaulere imene imagwira mu browser momwemo ndipo chithunzi sichipita kwina kulikonse, ili ndi kamzere kokoka pakati kuti uone chakale kumanzere chatsopano kumanja. Pa diresi la nsalu ya mtundu umodzi WebP pa kolite 75 sumaona kusiyana ngakhale utayandikitsa bwanji. Koma kuika chitenje cha mizere yofiira pa buluu, aaa, kufiira kuja kumalowerera mu buluu ngati nsalu yatsopano yachapidwa pamodzi ndi zina nkusuluka, timizere tija m'mphepete mwake mumakhala mbuu.

Chifukwa chake ndi ichi. Diso la munthu limazindikira kwambiri kuwala ndi mdima kusiyana ndi mtundu, ndiye mafayilo amenewa amasunga kuwala kwa pixel iliyonse koma mtundu amasunga umodzi pa kabokosi ka ma pixel anayi, awiri chopingasa awiri chotsika, zimene amazitcha 4:2:0. Pa nkhope ya munthu, pa mitambo, pa nyanja, palibe angaone. Koma chitenje nde mitundu yokuwa yogundana pa timizere tating'ono, kabokosi kamodzi mupezeka kufiira ndi buluu, kompyuta imangosakaniza. JPEG mungathe kuiuza kuti isunge mtundu wonse, 4:4:4, mu ImageMagick ndi -sampling-factor 4:4:4, fayilo imakulako pang'ono. WebP yopanikiza ija ilibe mwayi umenewo, iyo ndi 4:2:0 basi, chimene ili nacho ndi -sharp_yuv mu cwebp, pulogalamu yopangira mafayilo a WebP, ndipo mu Squoosh muli kabokosi kake, imathandiza ndithu kuti m'mphepete muoneke bwino ngakhale sizifika pa 4:4:4. Ndipo musadabwe kuona chitenje chikulemera kuposa diresi la mtundu umodzi pa kolite yofanana, maluwa ndi madontho onsewo ndi zinthu zoti zisungidwe, khoma loyera palibe chosunga.

Munthu wogula chitenje amagula maluwa akewo, akaona mitundu yosakanikirana aganiza kuti nsaluyo ndi yotchipa, ndiye pamenepa sindikufuna kuumira KB. Ndagawa pawiri. Zithunzi za mndandanda, zimene munthu amangodutsa ndi chala, zonse WebP pa 75 ndi sharp_yuv. Chithunzi choyandikitsa nsalu, chimene amatsegula akafuna kuonetsetsa, ndasiya JPEG ya 4:4:4 pa kolite yokwererako, chimenecho amatsegula yekha mwakufuna kwake ndipo ndi chimodzi.

AVIF, mtundu winanso wa fayilo ya chithunzi, ndinayesanso. Inabwera mu 2019 kuchokera ku AV1 ya mavidiyo ija, imatha 4:4:4 ndipo mafayilo ake amatsikadi, pa chitenje imaoneka bwino kuposa WebP. Koma laputopu yanga yakaleyi ikamapanga AVIF fani imalira mpaka kuda nkhawa, chithunzi chimodzi kudikira, nanji foda yonse magetsi athima uli pa batire. Komanso Chrome inayamba kuitsegula mu 2020, iPhone mu 2022 ndi iOS 16, ndipo makasitomala a achemwali ambiri foni zawo browser sinasinthidwepo chigulireni. Mu HTML muli <picture> imene imalola kuika AVIF pamwamba JPEG pansi kuti foni isankhe imene ingathe, ndidzaiika pa zithunzi zoyandikitsa zokha, kwa pano ayi.

Kenako srcset, mndandanda wa masayizi a chithunzi umene mumalemba mu HTML. Chithunzi chilichonse ndikuchitulutsa katatu, mulifupi 400, 800 ndi chachikulu chija, browser imasankha yokha. Foni wamba ngati itel kapena Tecno mulifupi mwake pa CSS (muyezo umene tsamba limagwiritsa) ndi cha m'ma 360, madiresi ndawaika awiriawiri pamzere ndiye lililonse ndi 180, sikirini zambiri zimaika ma pixel awiri pa imodzi ya CSS, 360, ndiye cha 400 chakwana. Koma muyenera kulemba sizes="50vw", kutanthauza theka la sikirini, kapena zofanana nazo, mukasiya browser imaganiza kuti chithunzi chidzadza sikirini yonse nkukatenga chachikulu, ntchito yonse ija nkupita pachabe.

loading="lazy" ndi mawu awiri okha koma kwa munthu wa bandulo ndi nkhani yaikulu, zithunzi za pansi sizibwera mpaka atayandikira, amene waona madiresi asanu nkutseka salipira onse 30. Chithunzi chapamwamba penipeni chokha musachiike lazy, chimenecho ndi chimene Google imayeza pa LCP, nthawi imene chinthu chachikulu patsamba chimatenga kuti chioneke, amafuna chioneke pasanathe masekondi 2.5, ine ndachipatsa fetchpriority="high" m'malo mwake kuti chizibwera msanga. Width ndi height ndalemba pa img (mzere wa chithunzi mu HTML) iliyonse kuti malo asungidwiretu, tsamba lisamadumphe munthu akufuna kudina diresi ili nkupezeka wadina lina. Logo inali PNG yaikulu, pano ndi SVG, fayilo yosunga mizere ya chojambula m'malo mwa ma pixel. Mitengo achemwali ankafuna ikhale pa chithunzi ngati ma flyer a pa status aja, ndakana, ndailemba ngati mawu wamba, siilemera ndipo kusintha nkosavuta mmene mitengo ya nsalu ikusinthiramu.

Kuyeza ndimayamba ndi PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba, koma manambala obiriwira aja sindiwakhulupirira okha. Ndimatsegula DevTools, zida zoyezera za mu browser, kupita pa Network, kuchonga Disable cache, kusankha 3G, nkuyang'ana pansi pamene pamalemba transferred, chifukwa nambala imeneyo ndiyo imadya bandulo. Pano tsamba likatseguka koyamba silikufika 1MB. Kenako ndimabwereka foni ya mphwanga madzulo nthawi imene aliyense ali pa intaneti netiweki ikukoka miyendo, ndikazimitsa WiFi nkutsegula, madiresi oyamba akubwera usanayambe kutopa.

Kwatsala nkhani ya momwe zithunzi zimandifikira. WhatsApp imapanikiza chithunzi yokha ukatumiza mwachizolowezi, ndiye ine ndikachipanikizanso kachiwiri maluwa aja amaonongekeratu. Ndinawauza kuti "achemwali, muzitumiza ngati document, musamadine pa gallery paja", iwo akuti "achimwene, 4MB chithunzi chimodzi, bandulo yake mugula ndinu?" Ndipo akunena zoona. Ndiye tagwirizana kuti ndizikatenga ndi kebulo ndikapita ku Limbe, za changu azitumiza pa HD, imene imachepetsabe koma pang'ono.

Chotsatira ndikufuna kulemba kasikiripiti kamodzi koti ndikaponya zithunzi mu foda kazitulutsa masayizi atatu aja, JPEG ya nsalu, ndi mzere wa img wonse ndingokopera, chifukwa kulemba srcset pamanja pa diresi lililonse kwanditopetsa. Za cache pa seva, zosungiratu mafayilo kuti asamakokedwe kawirikawiri, sindinazikhudzebe. Amene muli ndi foni yakale ya Android imene browser yake simunaisinthepo, mundiuze ngati zithunzi za WebP zikuoneka kwanuko kapena mukungoona timabokosi topanda kanthu, ndidziwe ngati ndiyenera kuika JPEG pansi pa zonse kapena ndisiye choncho.